Chibwano cha Apongozi Anga

Ine ndine womanga nyumba, ndipo theka la mlandu wanga lili pamenepo. Munthu akakhala zaka zambiri akukumba maziko amayamba kuganiza kuti chilichonse padziko n'chipupa, ndipo amalangiza ngakhale pa zinthu zimene sakuzidziwa mutu wake.

Mu 2013 tinkakhala ku Zandspruit, ku Joni, mu mkhukhu wa zipinda ziwiri umene ndinakhoma ndekha ndi malata otsala kuntchito. Mkazi wanga ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu ena cha ku Honeydew ndipo ankagona konko. Kwathu ankabwera Loweruka masana n'kubwerera Lamlungu madzulo. Mwana wathu wamkazi atabadwa, madamu ake ananena mosapsatira kuti khanda sakulifuna pa yadi pawo. Ndiye tinaitanitsa amayi ake a mkazi wanga kuchokera ku Dedza kuti adzalere mdzukulu.

Umu ndi mmene ine ndi apongozi anga tinapezekera m'nyumba imodzi, pakati pathu pali chinsalu chokha cha maluwa. Wokulira kwathu akudziwa kuti zimenezi n'zachilendo. Kumudzi mkamwini akaona apongozi ake akubwera m'njira amapatukira kutchire. Sadya nawo, sawayang'ana kumaso, ndipo akakhala ndi mawu amanjuta chapatali n'kumalankhula akuyang'ana nthaka. Koma ku Joni kulibe tchire lopatukirako. Tinangokhazikitsa malamulo athu popanda kukambirana. Ine ndinkadyera panja, nditakhala pa chigubu cha penti, kaya kuzizire bwanji. Ndikamalowa ndinkayamba ndatsokomola. Iwo ankandiitana kuti apongozi, ine ndinkati amayi, ndipo mawu athu ambiri ankadutsa pa chinsalu chija.

Apongozi analibe dzino ndi limodzi lomwe. Anawazula limodzilimodzi kalekale kuchipatala cha kwathu, kumene mankhwala a dzino lowawa kunali kulichotsa basi. Atangofika, mkazi wanga anawapangitsira mano oikirira. A m'mwamba anagwira bwinobwino, koma a pansi ankangoyandama m'kamwa, kuwatupitsa nkhama, mpaka anawataya m'kapu n'kuwaiwala. Chakudya chawo chinali phala, nthochi ndi buledi woviika m'tiyi. Ndikabwera ndi nyama pa mapeto a mwezi ankangomwa msuzi. Anaonda ndikuona. Tsiku lina anachita chizungulire pa mpopi, mwana ali kumsana, ndipo akanapanda amayi oyandikana nafe kuwagwira, sindikudziwa kuti bwenzi ndikulemba zotani lero.

Pali chinthu china chimene ndiyenera kunena, ngakhale dzanja likukana. Apongozi anali mayi wolemekezeka kutchalitchi, wa bulauzi yoyera ndi duku loyera, woyambitsa nyimbo pa maliro. Koma patatha mwezi umodzi chifikireni, m'mawa wina ndinapeza kachitini kakang'ono kopanda kanthu kali pambali pa chikwama changa cha kuntchito. Nditakanunkhiza ndinayetsemula. Anali fodya wopera. Sindinafunse. Pa renki ya matakisi panali mayi wina wogulitsa, ndinakadzaza, madzulo n'kukasiya kuseri kwa chitini cha shuga. M'mawa mwake ndinapeza dzira lowiritsa m'chikwama changa.

Zinapitirira choncho milungu ndi miyezi. Fodyayo apongozi sankamununkhiza ayi, ankamuika m'kamwa, kuseri kwa mlomo wa pansi, ndipo ndinkadziwira malovu akuda kuseri kwa mkhukhu. Mkazi wanga sankadziwa chilichonse. Ndinene zoona, chinsinsi chimenechi chinkandisangalatsa. Bambo ndi mayi anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo kukhala ndi munthu wamkulu wondikhulupirira pa kanthu kobisika kunkandifunditsa mtima.

Nkhani ya chizungulire itamveka kwa madamu a mkazi wanga, iwo anali ndi m'bale wawo wogwira ntchito pa chipatala china chachikulu m'tauni, kumene amaphunzitsa madokotala a mano. Apongozi analembedwa pa mndandanda wa odwala amene ophunzira amawathandiza moyang'aniridwa ndi akuluakulu awo. Tsiku litakwana, mkazi wanga sanapatsidwe mpata wochoka. Apongozi Chingerezi sankachimva, Chizulu ankangodziwa moni. Wowaperekeza ndi kuwamasulira anatsala ine. Mwana tinamusiya kwa oyandikana nawo aja. M'takisi iwo anakhala kutsogolo, ine kumbuyo kwenikweni.

Dokotala anali mayi wachitsikana wolankhula mofatsa, ndipo kumbuyo kwake kunkaima bambo wina wa imvi amene ankamuphunzitsa. Atawajambula apongozi, anandiitana kuti ndifike pafupi ndi kompyuta. Ndinaona chibwano chawo chonse chili mbee pa galasi lakuda. Ine amene sindinawaonepo akutafuna, tsiku limenelo ndinaona mpaka mafupa awo. Ndinachita manyazi ngati ndawapeza akusamba.

"Mano akachoka," anatero dokotala uja m'Chingerezi, "fupa limene linkawagwira limayamba kuphwa pang'onopang'ono. La amayiwa latsala lochepa, n'chifukwa chake mano oikirira alibe pogwira. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba, tiike timabawuti tatifupi m'fupa latsalali, kutsogolo kuno, kuti mano azikola pamenepo. Ndi opaleshoni yaing'ono, sachedwa kuchira. Yachiwiri, tiyambe tawonjezera fupa, tidikire miyezi ingapo kuti ligwirane ndi lawo, kenako tiike mabawuti ataliatali. Imeneyi ndi yaikulu, ndipo bala lake limafuna kusamalidwa kwambiri."

Ndinamasulira zonse maso ali pa mpopi wosambira m'manja. Apongozi anafunsa kuti fupa lowonjezeralo lichokera kuti. Dokotala anati ndi la ng'ombe, lotsukidwa ndi kuperedwa, ndipo alisakaniza ndi lawo pang'ono.

"Ng'ombe ndalephera kuitafuna," anatero apongozi atagwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje, "ndiye ibwere idzangokhala m'kamwa momwemo?"

Nditamasulira, tonse tinaseka, ngakhale bambo wa imvi uja. Kenako dokotala anatenga cholembera.

"Amagwiritsa ntchito fodya? Wosuta, wa mphuno, wa m'kamwa, aliyense. Ndikufunsa chifukwa nkhamazi zada malo ena. Ngati amatero, njira yachiwiri ija sitiyesa n'komwe, chifukwa fupa loikalo silingagwire."

Mulungu ndi mboni, ndinamasulira mawu onsewo osasiyako ndi limodzi. Apongozi anawongola msana pa mpando paja.

"Auzeni kuti ine ndine mayi wa mpingo. Kudako ndi tiyi."

Kachitini kaja kanali m'thumba la jekete langa, nditangokadzaza m'mawa womwewo pa renki. Ndinkakamva pa nthiti. Ndinauza dokotala kuti akuti ayi. Iye anandiyang'ana kanthawi.

"Inu mumakhala nawo nyumba imodzi. Mukuvomereza?"

Ndinagwedeza mutu movomereza. Ndikanatani? Ndiwatsutse apongozi anga pamaso pa alendo, iwo ali pompo pakamwa pali yasa, ndinene kuti mayi wa duku loyerayu akunama? Khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Dokotala ananena kuti iyeyo payekha akuona kuti timabawuti tatifupi tingakwanire. Bambo wa imvi anati njira zonse ziwiri n'zotheka, tisankhe tokha. Nditawafotokozera apongozi, anayankha osatembenuka.

"Apongozi anga ndi amisiri. Za mabawuti akuzidziwa ndi iwo. Asankhe."

Apa ndi pamene ndimadzida kwambiri ndikakumbukira. Khomo lotulukira linali lotseguka. Ndikanangoti tatifupi tomweto, ulemu wawo ukanasungika, chibwano chawonso mwina chikanapulumuka, popanda wina kutchula fodya. Koma mawu akuti amisiri anandikwera kumutu. Chiyambireni anali asananditamepo pamaso pa anthu. Ndinakumbukira mashelefu onse amene ndinawaona atagwa chifukwa wina anaumira bawuti, ndinakumbukira mabwana amene ankandiuza kuti ndikumbe maziko osaya kenako chipupa n'kung'aluka. Ndinaganiza kuti chachifupi n'cha anthu osauka, chongotikhazika mtima pansi, ndipo apongozi anga ayenera kulandira chenicheni. Za fodya ndinadzinamiza kuti amva okha chenjezo, asiya.

"Bawuti lalifupi siligwira," ndinatero m'Chingerezi changa cha pa ntchito, monyada ndithu. "Yambani mwamanga maziko."

Anawachita opaleshoni mu June chaka chotsatira, m'nyengo yozizira. Mkazi wanga anapatsidwa masiku atatu opuma kuntchito. Apongozi anabwerako nkhope itatupa, ulusi uli m'kamwa, ndi mapepala a malangizo amene ndinawawerengera kawiri pa chinsalu: mankhwala otsukira m'kamwa, chakudya chamadzimadzi, osakhudza balalo ndi chala kapena lilime, osayandikira fodya. Mkazi wanga atamva mawu omalizawo anaseka. Anati limenelo ndiye lamulo losavuta pa onse.

Mkazi wanga anabwerera kuntchito Lachinayi. Loweruka m'mawa ndinapeza kachitini kaja pambali pa chikwama changa.

Ndinakasiya pomwepo. Lolemba, mkazi wanga atabwera n'kupitanso, kanali pomweponso, katasunthidwa pang'ono kuti ndikaone bwino. Lachiwiri ndisanapite kuntchito ndinanjuta pafupi ndi chinsalu, ndinatsokomola.

"Amayi, adokotala aja paja anati fodya..."

"Ndinamva, apongozi. Makutu sanandizule."

Mwana ankasewera ndi supuni pansi.

"Ululu wake simukuudziwa," anatero apongozi motsitsa mawu. "Mapiritsi awowa akungondizunguza mutu, ndipo mwanayu ndingamugwetse. Chija chokha n'chimene chimaziziritsa. Koma ngati n'kovuta, basi, musavutike. Ndine mlendo ine kuno."

Tsiku lonse ndinayala njerwa mokhota, mpaka foromani anandifunsa ngati ndaledzera. Madzulo ndinawapeza atakhala panja pa dzuwa lomaliza, atagwira tsaya, misozi ikungotsika osalira mokweza. Phala la m'mawa linali m'mbale osakhudzidwa. Atandiona anatembenukira kuchipupa kuti ndisawaone. Ndinabwerera ku renki osavula n'komwe nsapato za ntchito. Ndinauza mayi wogulitsa uja kuti athire theka lokha, ngati kuti theka la fodya liwononga theka la bala. Uchitsiru wina umabwera utavala chifundo.

Ndinayesa kuuza mkazi wanga. Lamlungu lotsatira ndikumuperekeza kokakwera takisi, ndinazungulira nkhani ngati galu wofuna pogona.

"Kodi amayi kale ankagwirako fodya?"

Anaima pakati pa msewu.

"Eish, bambo a mwana, mwayamba liti kunyoza amayi anga? Anasiya ine ndili mwana, analapa pamaso pa mpingo wonse. Munthu akudwala, akukulererani mwana mahala, osalipidwa, inu ndiye mukuwafunira zifukwa? Ngati mwatopa nawo nenani sitireti."

Ndinati ndimangofunsa. Anakwera takisi osanditsanzika.

Tsiku lina simenti itachedwa kufika pa ntchito, ndinakwera takisi ndekha mpaka kuchipatala kuja. Ndinali nditakonza mawu onse m'njira. Ndinaima m'khonde pakati pa anthu ogwira masaya, ndipo patapita nthawi dokotala uja anatulukira atanyamula mafayilo. Anandizindikira, anamwetulira.

"Amayi ali bwanji?"

"Ali bwino," ndinatero.

Anadutsa. Ndinamuyang'ana mpaka anakhota pa kona. Ndinali nditataya theka la tsiku kuti ndikanene bodza lachitatu. Mpaka lero sindimvetsa chimene chinagwira pakamwa panga. Ndikuganiza kuti pofika pamenepo sindinkabisanso za apongozi zokha. Kuulula kukanatanthauza kunena kuti wogula ndine.

Pa mlungu wachitatu m'nyumba munayamba fungo. Apongozi ankafukiza makoko a malalanje pa mbaula kuti lisamveke, koma linkamveka. Kutupa kumene kunali kutayamba kuphwa kunabwereranso mbali imodzi, thupi linkatentha. M'mawa wina ndikumanga zingwe za nsapato ndinamva akundiitana.

"Apongozi."

Dzanja lawo linatulukira pansi pa chinsalu, lotambasula. Pa chikhatho panali timibulu toyera ngati mchenga wa kumtsinje, tosakanizika ndi magazi.

"Izi zikumatuluka," anatero.

Sindinafunikire dokotala kuti andiuze. Matope osagwira ndimawadziwa, ukawakhudza amangoyoyoka. Ndinakhala pansi pomwepo, nsapato imodzi kuphazi.

Kuchipatala anachotsa zonse zimene anaika. Dokotala uja atapukuta m'mbali mwa balalo ndi thonje, thonjelo linatuluka lofiirira. Analiyang'ana, anandiyang'ana ine. Sanafunse kanthu, ndipo zikanakhala bwino akanandikalipira. Anawapatsa mankhwala amphamvu, tinabwerako kangapo, ndipo bala litapola anawajambulanso. Ulendo uno sindinachite manyazi kuyang'ana pa kompyuta paja. Fupa linali litachepa kuposa poyamba. Mafinya anali atadya ndi lawo lomwe.

"Nanga timabawuti tatifupi tija?" ndinafunsa. "Tiikeni tomweto. Ndinalakwitsa ine posankha."

Bambo wa imvi uja ndi amene anayankha. Anati pamene patsalapo n'popyapyala kwambiri, akaboola chibwano chingathyoke. Anati mwina m'tsogolo angaonenso, koma sakufuna kutilonjeza. Ndinafunsa ngati angatenge fupa langa, pa mwendo kapena paliponse. Anapukusa mutu mwachifundo, anati sizitheka choncho, ndipo vuto silinali kusowa kwa fupa.

Apongozi anandifunsa kuti akuti chiyani. Ndinamasulira. Anangoti, "Chabwino," n'kuyamba kukonza duku lawo.

Kuyambira pamenepo ngakhale mano oikirira a pansi aja sakanathekanso. Mbali ina ya mlomo inachita dzanzi losatha, moti tiyi ankatayikira pa chibwano iwo osamva. Kutchalitchi anasiya kuyambitsa nyimbo, ankakhala kumbuyo atagwira kansalu pakamwa. Ndinkagula mazira, mapeyala, chiponde, maungu, chilichonse chofewa chimene ndinkamva kuti chimalimbitsa thupi. Ankadya timasupuni tiwiri n'kupatsa mdzukulu. Ndinkangoyang'ana. Manja angawa akonzapo nyumba zong'aluka za anthu osawadziwa m'Joni monse, koma apa analibe chochita.

Kachitini sikanabwerenso pa chikwama changa. Kaya anasiya, kaya anapeza wina wowagulira, sindinafunse.

Mkazi wanga anaika mlandu wonse pa chipatala. Ankauza aliyense kuti ana a sukulu anaphunzirira ntchito pakamwa pa amayi ake chifukwa ndi mlendo wosadziwa Chingerezi. Ankafuna kupita kukawalalatira. Ndinamuletsa, ndinati zisiye, Mulungu ndiye akudziwa. Anaganiza kuti ndine munthu wofatsa. Ine ndinkaopa zimene dokotala uja akanamuuza.

Mu December apongozi anapempha kubwerera kwawo. Anati kuzizira kwa kuno sakufuna kudzakuonanso, ndipo mdzukulu wakula, angathe kupita kukireshi, kusukulu ya mkaka. Tinawanyengerera koma anakana. Tinawaperekeza tonse ku siteshoni ya mabasi opita kumudzi m'tauni, m'mawa wa Loweruka, pakati pa anthu okangana ndi makondakitala za mafiriji ndi njinga. Ine ndinaima chapatali monga mwa nthawi zonse, ndikuyang'anira kuti katundu wawo alowe bwino. Basi itatsala pang'ono kunyamuka ndinamva mkazi wanga akundiitana kuti amayi akundifuna.

Ndinafika n'kunjuta, maso pansi. Anandigwira dzanja. Chikwatireni mwana wawo anali asanandikhudzepo.

"Apongozi, dzukani, ndiyang'aneni."

Ndinawayang'ana. Kanali koyamba kuona nkhope yawo pafupi chotero, popanda galasi la kompyuta pakati. Masaya anali atalowa, mlomo utapendekeka pang'ono.

"Mwandisungira ulemu m'dziko la eni," anatero pang'onopang'ono, chifukwa mawu ankawavuta. "Mwana wobereka ndekha sakanatha. Mulungu akudalitseni."

Ndinafuna kunena kuti ayi, amayi, ndakupwetekani. Ndinafuna kuti anditukwane pomwepo pamaso pa anthu onsewo. Koma ndinangowomba m'manja mwaulemu n'kunena kuti zikomo, muyende bwino.

Anakhala ndi moyo zaka zina zitatu kumudzi, akudya phala. Pa maliro awo abale ankanong'onezana kuti ku Joni kunawatha thupi.

Mkazi wanga mawu a pa siteshoni aja anawamva, ndipo anawasunga. Iye amati amayi ankanena za maulendo a kuchipatala, za mazira ndi mapeyala. Alendo akabwera kwathu, nkhani ikafika pa za maukwati, amawauza kuti palibe mkamwini wonga ine, kuti ndinasamala amayi ake kuposa ana awo enieni, ndipo amayi anandidalitsa ndi pakamwa pawo asanakwere basi. Akamanena zimenezi ine ndimangoyang'ana pansi, ndipo iye amauza alendowo kuti ndi mmene ndilili, munthu waulemu.